Mkuwa m'Minda ya Mphesa

M'dziko la France muli minda yambiri ya mphesa. M'caka ca 1878 munafika nthenda yocokera ku America, yofota nayo masamba a mpesa, ndipo alimi anasowa cocita.

M'caka ca 1882 mphunzitsi wina wa ku Bordeaux, dzina lace Millardet, anaona mipesa ya m'mbali mwa mseu iri ndi masamba ace onse. Eni munda anaiwaza mcere wa mkuwa wosanganiza ndi njereza, kuti opita m'njira aope kuba zipatso. Tsono coopsezera mbala cija cinasanduka mankhwala a nthendayo.

Koma taonani, ana inu, manyowa aola, koma mkuwa suola ai. Caka ndi caka mvula iutsuka pamasamba niugwetsa pansi, ndipo ukhala m'dothi la pamwamba. Ukacuruka, nyongolotsi zofewetsa nthaka zifa, ndi mizu ya mipesa yaing'ono ipinimbira. Wina ukokoloka ndi madzi kunka kumitsinje, kumene upweteka nsomba.

Cifukwa cace, kuyambira 2019, maiko a European Union salola mlimi kuwaza mkuwa wopitirira makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Koma uja anawaza makolo ace ukali m'nthaka momwemo.