Shuga ndi Mitsempha ya Magazi

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri, amawononga mitsempha ya m'maso, m'impso, mumtima ndi m'mapazi.

Matendawa sagwira mitundu yonse mofanana. Amwenye amayamba kudwala shuga asanakule kwenikweni, ndipo ambiri amavutika ndi mtima. Ife Aafirika, kaya ndife Amakua, Ayao kapena Anyanja, mdani wathu wamkulu ndi kuthamanga kwa magazi. Kukaphatikana ndi shuga, kumawononga impso ndi kupha ziwalo.

Tichepetse mchere m'ndiwo. Fodya timalima ku Mandimba ndi ku Ngauma, koma tisamusute, chifukwa amathinitsa mitsempha. Tiziyang'ana mapazi athu madzulo aliwonse. Chilonda chosapola chimadulitsa mwendo. Tikayezetse magazi ku chipatala cha Cuamba.

Tikambirane: kunyumba kwathu timathira mchere wochuluka bwanji?