Phunziro la Mawu: Vocare ndi Ana Ake

Mwezi uno tiphunzire za mawu amodzi a Chilatini amene anabala ana ambiri m'zinenero za ku Ulaya. Mawuwo ndiwo vocare, ndiko kunena kuitana, ndipo ali pachibale ndi vox, ndilo liwu.

Aroma ankaika kamawu kakang'ono patsogolo pake, tanthauzo nkusinthika. Evocare ndiko kuitana wina atuluke. Invocare, kupfuulira wina adzathandize. Convocare, kuitana anthu asonkhane. Revocare, kuitana chinthu chibwerere.

Mawu oyambawo anali ndi mwambo wake pankhondo. Livy, mlembi wa mbiri ya Aroma, asimba kuti m'chaka cha 396 Khristu asanabadwe, kazembe Camillus, pozinga mudzi wa Veii, anaitana Juno, mulungu wamkazi wa mudziwo, kuti atulukemo apite ku Roma, namlonjeza kachisi. Pakuti Aroma ankayesa kuti mudzi wosiyidwa ndi mulungu wake sulimba. Mwambowo ankautcha evocatio.

Tsono mawu awa anafika bwanji kwa anthu ena? M'chaka cha 106 mfumu Trajan anagonjetsa dziko la Dacia, ndipo Chilatini cholankhulidwa m'madera amenewo chinasanduka Chiromaniya pang'onopang'ono. Koma taonani, mawu a masiku onse a Chiromaniya onena kuitana ndiwo a chema, ochokera ku clamare, kupfuula. A evoca, a invoca ndi a convoca analowa mochedwa, pamene ophunzira awo anabwereka mawu ambiri ku Chifalansa ndi Chilatini, makamaka m'zaka za m'ma 1800. Chingelezi nachonso sichinabadwe nawo. Mawu a Chifalansa anachulukamo atagonjetsa dziko la England a Norman m'chaka cha 1066, ndipo ena anadza ndi owerenga mabuku a Chilatini. Motero tili ndi evoke, invoke, convoke ndi revoke.

Ife owerenga Chingelezi tichenjere ndi timawu tapatsogoloti. Kalata ikati msonkhano uli convoked, tiitanidwa. Ikati chilolezo chili revoked, achilanda, ndipo wochigwiritsabe ntchito agwa m'mlandu. Wodziwa muzu sasokera msanga ngakhale akomane ndi mawu achilendo.

Funso la kusinkhasinkha: pro ndiko kutsogolo. Nanga provoke, kuputa munthu, kugwirizana bwanji ndi kuitana? Aphunzitsi akambirane ndi ana a sukulu.