Phunziro 18: Cakudya ca Kapinga

Mau atsopano

kapinga, manyowa, fataleza, kumwaza, kuthirira

Werengani nkhani iyi.

M'makomboni a mu Lusaka monga Matero, Chawama ndi Mtendere, nyumba zimakhala zoyandikana. Malo a pabwalo ndi ocepa. Komabe mabanja ena amabzala kapinga kutsogolo kwa nyumba. Kapinga amagwira dothi. Mphepo ya mu Ogasiti ikaomba, fumbi limacepa pakhomo. Mvula ikagwa, matope nawonso amacepa.

Kapinga amafuna cakudya monga cimanga ndi ndiwo za m'dimba. Akasowa cakudya, masamba ake amasanduka acikasu. Cakudya cake ndi manyowa kapena fataleza.

Manyowa amacokera ku ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku ndi masamba. Ayenera kuyamba aola bwino. Zitosi zaziwisi zimaocha kapinga.

Fataleza amagulidwa kusitolo. D Compound amathiridwa pobzala cifukwa amathandiza mizu kukula. Urea ndi woyera mbee, ndipo amabiriwiritsa masamba a kapinga amene wamera kale.

Tsiku lina mu Disembala, mtsikana wina wa ku Matero anali kuthandiza ambuya ake pabwalo. Anatapa urea wodzaza citini. Anafuna kumukhuthula yense pamalo amodzi.

"Iyai, mdzukulu wanga, leka!" anatero ambuya.

"Cifukwa ciani, Ambuya? Onani, kapinga ali na njala."

"Kodi ukacurutsa mcere m'ndiwo, zimakoma?"

"Iyai, Ambuya. Sizidyeka."

"Ni cimodzimodzi na fataleza. Akacuruka, kapinga amapsa ndi kuuma. Ndalama zapita, kapinga nayenso wapita. Bwera uone."

Ambuya anayesa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Anatenga supuni yakale yaikulu imene sadyera. Anatapa urea supuni imodzi cabe, namwaza pamalo onsewo. Anacita motero mpaka bwalo lonse linatha. Mtsikana anatenga keni ya madzi ndi kuthirira. Patapita masabata awiri, kapinga anabiriwira.

Njira yabwino yodyetsera kapinga

1. Tolani mapepala ndi mapulasitiki. Zulani udzu wosafunika.
2. Thirani fataleza dothi lili lonyowa, koma masamba ali ouma.
3. Mwazani pang'ono paliponse. Musaunjike pamalo amodzi.
4. Thirirani madzi kuti fataleza asungunuke ndi kufika kumizu.
5. Sambani m'manja ndi sopo.

Nthawi yabwino ndi ya mvula, pamene kapinga akula msanga. Mu Juni ndi Julai kumazizira, ndipo kapinga sakula kwambiri. Fataleza wothira nthawi imeneyo amangoonongeka.

Musathire fataleza pamene cimvula cacikulu cili pafupi kugwa. Madzi amamukokolola ndi kupita naye m'ngalande. Ku Kanyama ndi ku George kuli zitsime zosazama. Fataleza akalowa m'citsime, amaipitsa madzi.

Cenjezo: Urea amaoneka ngati shuga, koma sadyedwa. Thumba la fataleza limangidwe bwino ndi kuikidwa pamwamba, pamene ana ang'ono sangafike. Ana agwire nchito imeneyi pokhapo ali ndi munthu wamkulu.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi kapinga amathandiza bwanji pakhomo?
2. Kodi kapinga wosowa cakudya amaoneka bwanji?
3. Chulani zinthu ziwiri zopangira manyowa.
4. N'cifukwa ciani ambuya analetsa mdzukulu wao?
5. Kodi cimacitika n'ciani fataleza akalowa m'citsime?

Malizani ziganizo izi.

madzi, mizu, sopo

1. D Compound amathandiza ______ kukula.
2. Tikamwaza fataleza, timathirira ______.
3. Timasamba m'manja ndi ______.

Nchito ya kunyumba

Funsani makolo anu zimene amathira pa kapinga, pa maluwa kapena m'dimba. Lembani ziganizo zitatu m'buku lanu, ndipo mudzawerengere anzanu m'kalasi.