PHUNZIRO LA ZA UMOYO: KUKONZA MASO NDI LASER



Tsiku lina Lamulungu, Misa itatha, amayi ena achikulire a kwa Nchilamwela anadza kwa akatekisi awo ndi nkhani yowasautsa. Amayiwa akhala akuthyola tiyi zaka zambiri, koma tsopano maso awo achita chifunga. Masamba awiri ndi nsonga yake sawaonanso bwino, ndipo dengu lawo likafika pa sikelo, akapitawo amadandaula kuti muli masamba okhwima. Mwana wawo amene ali ku Johannesburg anawauza kuti kumeneko madokotala amakonza maso ndi makina a laser. Tsono anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ndigulitse mbuzi zanga ndipite?" Akatekisi aja anasowa choyankha. Phunziro ili talilemba kuti wina akadzafunsidwa chimodzimodzi adzakhale nalo yankho.

Kodi laser n'chiyani?

Ena akamva dzinali amaganiza za lezala lometera ndevu. Iyayi. Laser ndiko kuwala kosonkhanitsidwa ndi makina, kopyapyala ndi kwamphamvu, kumene kukhoza kusema mnofu pang'onopang'ono osawononga za m'mbali mwake.

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi la wotchi. Madokotala amakatcha cornea, ndipo kuchindikala kwake ndi ngati theka la milimita. M'kati, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kena kamene tinabadwa nako. Ziwirizi zimapinda kuwala kuti kukagwere pamalo pake kumbuyo kwa diso. Cornea ikapindika kwambiri, kapena diso likatalika, munthu amaona za pafupi zokha, monga mwana wa sukulu amene satha kuwerenga pa bolodi. Ikaphwatalala, za pafupi ndizo zimavuta. Ikapindika mosalingana, zonse zimaoneka zosokonekera. Magalasi amawongola kuwala kusanalowe m'diso. Laser imapala cornea yeniyeniyo, monga mmisiri apala thabwa, kuti kuwala kuwongoke popanda magalasi.

Nzeru imeneyi sinabwere tsiku limodzi. Mu 1983 Dr Stephen Trokel wa ku New York anaiyesa pa maso a ng'ombe. Mu 1988 Dr Marguerite McDonald wa ku New Orleans anakonza nayo diso la munthu wopenya. Cha mu 1990 Dr Ioannis Pallikaris wa ku Crete, m'dziko la Greece, anakhazikitsa njira yotchedwa LASIK, imene yafala pa dziko lonse.

Wodwala ayembekezere zotani?

Poyamba amapimidwa mosamala, pakuti si aliyense angalandire chithandizochi. Ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo mphamvu ya magalasi ake ikhale isanasinthe kwa chaka chathunthu. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa amauzidwa kuti adikire. Amene cornea yake ndi yopyapyala, amene maso ake amauma kwambiri, kapena amene matenda a shuga sanakhazikike m'thupi mwake, dokotala woona mtima amamubweza.

Pa tsikulo wodwala samugoneka tulo. Amamudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, naika kachitsulo kogwira zikope kuti asaphethire. Dokotala amatsegula kachigamba kopyapyala pamwamba pa cornea, ngati chitseko chosachotsedwa pa mphuthu yake. Pamenepo wodwala amamva kupsinjika, ndipo mwina kumamudera kanthawi. Kenaka amayang'anitsitsa kanyali, laser ikusema. Kusemako kawirikawiri sikukwana mphindi imodzi pa diso, ndipo pamamveka kafungo ngati ka tsitsi lowauka. Kachigamba kaja amakabwezera, kamamata kokha popanda ulusi. Maso onse awiri amatha m'theka la ola, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Maola oyamba maso amathwanikiza ndi kutuluka misozi, ngati mwalowa mchenga. Ambiri m'mawa mwake amaona bwino. Pali njira ina, dzina lake PRK, imene satsegula kachigamba. Iyo imapweteka masiku angapo, ndipo maso amayera pakapita milungu. Pa njira zonse ziwiri malamulo ndi awa: osatikita maso, kudontheza mankhwala pa nthawi yake, kupewa fumbi, utsi wa kukhitchini ndi madzi a kumtsinje, ndi kubwerera kwa dokotala pa masiku amene wanena. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisabise zovuta zake. Ambiri maso amawauma miyezi ingapo. Ena usiku amaona mkombero kuzungulira nyali za galimoto. Ena amafunika kuwakonza kachiwiri, kapena amavalabe magalasi ochepa mphamvu. Mwa apo ndi apo diso limachita chilonda, kapena cornea imafooka. Chimene laser yapala sichimeranso. Mtengo wakenso ndi waukulu, osawerengera ulendo ndi malo ogona.

Zimene kupala cornea sikungachiritse

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Kupala cornea kumakonza chilema chimodzi chokha, ndicho kupindika kolakwika kwa kuwala. Koma zimene zimadetsa maso a akulu m'midzi mwathu kawirikawiri ndi zina.

Choyamba ndi ukalamba wa maso. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka m'kati kamauma, ndipo amayamba kutalikitsa buku la nyimbo kuti awerenge, kapena kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Mankhwala ake ndi magalasi owerengera, otsika mtengo. Ngakhale amene anakonzedwa ndi laser ali mnyamata adzawafuna.

Chachiwiri ndi ng'ala, imene imachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse pa dziko lapansi. Kagalasi ka m'kati kamachita mbuu, munthu n'kumaona ngati nkhungu ya m'mawa ya m'minda ya tiyi. Dokotala amachotsa kagalasiko naikamo ka pulasitiki, monga anayambira Dr Harold Ridley ku London mu 1949. Ntchito imeneyi imachitika kwathu konkuno, monga ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Nkhoma. Bandeji amachotsa m'mawa mwake.

Chachitatu ndi glaucoma, nthenda yowononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri popanda ululu. Chimene yawononga sichibwerera. Koma ikadziwika msanga, mankhwala kapena opaleshoni zimasunga chotsalacho.

Nanga tichite chiyani?

Amayi aja yankho lawo ndi ili: mbuzi zikhale m'khola, ayambe apita ku chipatala cha boma cha Thyolo akapimitse maso. Ngati ndi ng'ala, chithandizo chili pafupi. Safunsa anadya phula.

Inu akatekisi, poyendera odwala yang'anani okalamba amene aleka kubwera ku tchalitchi chifukwa saona njira. Ambiri amati, "Ndi ukalamba basi," ena amaopa kuti akawachotsa diso. Alimbitseni mtima, ndipo limana lipeze wowaperekeza ndi ndalama ya ulendo. Chenjezani anthu kuti asathire m'maso madzi a zitsamba, utomoni kapena mkodzo, pakuti zimenezi zaboola maso ambiri amene akanachira.

Mu Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, mutu 9, Ambuye Yezu anatuma munthu wobadwa wosaona kukasamba ku dziwe la Siloamu. Munthuyo ananyamuka, napita, nabwerako akupenya. Akadakhala pansi pomwepo sakadaona. Ifenso tipemphere, koma titapemphera tinyamuke. Lusia Woyera, nkhoswe ya odwala maso, amene timamukumbukira pa 13 Disembala, atipempherere.

Mafunso okambirana m'limana

1. Kodi laser imakonza mbali iti ya diso?
2. Tchulani nthenda zitatu zimene kupala cornea sikungachiritse.
3. M'limana mwathu muli ndani amene maso akumuvuta, ndipo amuperekeza ndani ku chipatala mwezi uno?