Pogula decanter yakale, yambirani pa chitsekerero

Anthu ambiri amene amayamba kusonkhanitsa ma decanter akale, mabotolo a galasi aja othiramo whisky, brandy kapena port, amaluza ndalama pa chinthu chimodzi. Amatengeka ndi kunyezimira kwa thupi la botolo, n'kulipira, ndipo amadzazindikira ali kunyumba kuti chitsekerero si chake. Za kokagula tisachedwepo: ku Britain, kumene katunduyu ndi wambiri, amapezeka m'mashopu a mabungwe achifundo, m'misika ya katundu wakale ndi ku okushoni. Nyamulani tochi ndi pepala loyera, basi.

Choyamba, dziwani chimene mwagwira. Galasi la mtovu, limene George Ravenscroft anatchukitsa ku London m'zaka za m'ma 1670, limalemera m'manja. Lozokotedwa ndi manja limakhala lakuthwa m'mizere yake mukayendetsapo chala, pomwe loumbidwa m'chikombole limakhala loterera ndipo nthawi zambiri limasiya kamzere pamene mbali za chikombole zinakumana. Pansi pa botolo lakaledi pamakhala zokandika zopita uku ndi uku chifukwa cha zaka zokwekwerezedwa patebulo. Mbiri pang'ono imateteza thumba. Fakitale ya Waterford ku Ireland inatsegulidwa mu 1783, inatseka mu 1851, n'kudzayambanso mu 1947, ndipo mazokotedwe ake otchuka a Lismore anatuluka mu 1952. Choncho wokuuzani kuti Lismore yake ndi ya m'zaka za m'ma 1800 akukunamizani, kapena nayenso anamunamiza.

Tsopano chitsekerero. Pa decanter yabwino, mmisiri ankachipala pang'onopang'ono m'khosi mwa botolo lakelo mpaka ziwirizo zitagwirana bwinobwino, moti chitsekerero chimodzi chinali cha botolo limodzi. N'chifukwa chake mafakitale ambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900, ankakanda nambala yofanana pa msomali wa chitsekerero ndi pakhosi kapena pamlomo pa botolo, kuti zisasokonekere popakira. Walitsani tochi ndipo funani manambala awiriwo. Ngati kwina kuli 14 kwina 37, nkhani yatha: botolo linasweka kwina, chitsekerero chinatayika kwina, ndipo wina anangozikwatitsa. Zitsekerero ndizo zimayamba kugwa ndi kusowa, ndiye wogulitsa amene ali ndi bokosi la zitsekerero zamasiye savutika kupeza chooneka ngati chikukwana.

Musakhutire ndi manambala okha. Lowetsani chitsekerero mofatsa, n'kuchipotoza pang'ono. Chake chenicheni chimakhala pansi n'kugwira, osagwedera. Chikamagwedera, kapena kutsalira pamwamba mbali yopalidwa ikuoneka, kapena kumira mpaka mutu wake kugunda mlomo, si chake. Kenako ikani zonse ziwiri papepala loyera. Galasi lakale limakonda kuoneka lotuwirako, ndipo chitsekerero choyera mbee pa botolo lotuwa chimadziulula chokha. Pomaliza yerekezani mazokotedwe: mizere ya pachitsekerero iyenera kuyankha ya pathupi. Zonsezi zimatenga mphindi ziwiri, koma anthu amachita manyazi kuyeza katundu mwini wake akuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo chonde musanyamule decanter pogwira chitsekerero pofuna kuonetsa kuti chagwira. Ndi chizolowezi chopusa chimene chaswetsa mabotolo ambiri.

Ena amati zilibe kanthu, poti botololo lingokhala pashelefu. Koma chitsekerero chogwedera chimalowetsa mpweya ndi fumbi, chimatetemula khosi, ndipo tsiku logulitsa wodziwa adzakupatsani mwina theka la mtengo kapena kucheperapo. Ena amati mabotolo ambiri enieni alibe manambala. Zimenezo n'zoona, makamaka a m'zaka za m'ma 1700, ndipo kusowa kwa nambala si mlandu. Mlandu ndi manambala osiyana, ndipo pamene palibe nambala m'pamene kukwana, mtundu ndi mazokotedwe ziyenera kulankhula. Enanso amati mukhoza kudzapeza chitsekerero china. Mungachipezedi, mmisiri n'kuchipala kuti chikwane, koma mwalipira kawiri ndipo chimene muli nacho chikadali chokwatitsa. Kugula chotero mukudziwa, pamtengo wake wotsika, palibe cholakwika. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa chenicheni.

Chitsekerero chikapambana, onani m'kati, ndipo muone muli mouma. Chifunga choyera chimene chimadza madzi akakhalitsamo chimabisala galasi likanyowa, ndiye botolo lokhala ndi timadontho m'kati pamsika likayikireni. Litsiro wamba limachoka ndi madzi ofunda, viniga ndi kampunga kosaphika mukamakhutchumula. Chifunga chimene chadya galasi sichichoka ndi njira iliyonse yakukhitchini, ngakhale akuuzeni zotani. Madzi otentha ndi makina otsukira mbale ayi. Chitsekerero chikakanirira, donthezani mafuta pang'ono, funditsani khosi ndi nsalu yofunda, dikirani. Mphamvu zimathyola khosi.

Pa kagwiritsidwe ntchito, kumbukirani mtovu. Ku Ulaya galasi limatchedwa la mtovu likakhala ndi magawo osachepera 24 pa 100 a mankhwala a mtovu, ndipo mtovuwo umasungunukira mu mowa. Mu 1991 Joseph Graziano ndi Conrad Blum a ku Columbia University anafalitsa mu The Lancet kuti port yosungidwa miyezi 4 m'botolo lotere inafika pa ma microgram masauzande angapo pa lita, ndipo brandy yokhalamo zaka zoposa 5 inadutsa 20,000. Malire a WHO pa madzi akumwa ndi 10. Thirani mowa alendo akafika, wotsala ubwerere m'botolo lake usiku womwewo.

Mitengo ndi yongoyerekeza. Decanter wamba yozokota ya m'zaka za m'ma 1900 ingakhale pakati pa £10 ndi £30, ya Waterford yogwiritsidwapo kale mwina £60 mpaka £150, ndipo ya m'zaka za m'ma 1700 yosawonongeka imafika mapaundi mazana angapo. Ku okushoni onjezerani pafupifupi kota ya mtengo, ya eni okushoniwo. Ngati mukugula osaona katundu ndi maso, pemphani chithunzi cha manambala onse awiri ndi cha chitsekerero chili m'khosi. Wogulitsa akazemba pempho laling'ono ngati limeneli, sungani ndalama zanu, ma decanter ndi ambiri.