Tsamba Likatsegulidwanso Limaiwala Zonse

Ndinalembera kagulu ka alimi a kachewere ku Lobi pulogalamu yapaintaneti yowerengera matumba. Mlembi wawo ankaitsegula pa Chrome m'foni ya Android, ataima pambali pa sikelo, zala zili zii ndi chisanu cha ku Dedza.

Tsiku lina anandiimbira mawu akunjenjemera. "Achimwene, mayina onse athawa!" Netiweki itavuta, iwo anakokera chala pansi pagalasi la foni, tsamba n'kutsegukanso lopanda kanthu. Galimoto yonyamula katundu inali itanyamuka kale.

Inu amene mumalemba mapulogalamu, mvetsani apa. Chilichonse chimene JavaScript yasunga m'memore chimakhala ndi moyo pokhapokha tsambalo lili chitsegukire. Munthu akachita refresh, zonse zimafa, ndipo khodi imayambiranso pamzere woyamba ngati sinaonepo mlimi ndi mmodzi yemwe. Si chala chokha chimene chimapha tsamba. Foni ya memore yochepa imatha kulitaya mwakachetechete mwini wake akapita pa WhatsApp, n'kulitsegula mwatsopano akabwerera.

Ndinafulumira kukonza. Ndinayamba kusunga mndandanda mu localStorage, chifukwa sessionStorage imapirira refresh koma imafufutika tabu ikatsekedwa. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koposa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mzere wanga woyamba unkapanga mndandanda wopanda kanthu n'kuusunga nthawi yomweyo, usanayang'ane ngati mulimo kale zinthu. Nthawi iliyonse tsamba likadzuka linkakolopa ntchito ya dzulo. Nambala ya lisiti nayo inkabwerera pa 1, moti alimi awiri anapezeka atagwira lisiti lofanana, aliyense akulumbira kuti matumba ndi ake.

Tsopano pulogalamuyo ikadzuka imayamba yawerenga zosungidwa, ndipo imapanga chatsopano pokhapokha yapeza kuti mulibe. Thumba lililonse limasungidwa likangolembedwa, osadikira beforeunload, imene pafoni nthawi zambiri siigwira. Lisiti lililonse limabadwa ndi nambala yakeyake, kuti likatumizidwa kawiri seva ilizindikire n'kulilandira kamodzi.

Mkangano wa malisiti uja unatha ndi kope lakale la mlembi, limene ankalembamo ndi pensulo osandiuza. Tinakhala pamatumba mpaka dzuwa kulowa, iwo akuwerenga mayina, ine ndikulowetsa m'foni limodzilimodzi.