MBEWA ZIPHUNZITSA ANTHU ZA NTHENDA YA KUIWALA

Nyengo ya cilimwe, cimanga citalowa m'nkhokwe ndi fodya atacoka m'zigafa, anyamata a m'midzi ya ku Kasungu, kufikira ku malire a nkhalango ya Lifupa, amatenga makasu kukakumba mbewa. Kwa iwo mbewa ndi ndiwo. Koma ku maiko ena anthu ophunzira amaweta mbewa m'nyumba zaukhondo, nazipatsa cakudya coyesa, kuti aphunzirepo za nthenda imene imagwira nkhalamba, ndiyo nthenda ya kuiwala.

NTHENDA YENI YENI

Munthu ali yense amaiwala pamene waika mpeni. Nthenda imene ikunenedwa pano iposa apo. Wodwala amaiwala kuti wadya kale, amasokera pa njira ya ku citsime imene waiyenda zaka zambiri, ndipo potsiriza sazindikira ana ace omwe.

M'caka ca 1906 dotolo wina wa ku Germany, dzina lace Alois Alzheimer, anapima ubongo wa mai amene anamwalira ndi nthendayi. Anapezamo timibulu ta zinthu zomatirira ndiponso timitsempha topotana ngati luzi. Zimenezi zimapha tizigawo ta ubongo tosunga cikumbukiro. Cifukwa cace mtundu waukuru wa nthendayi umachedwa ndi dzina la dotoloyo.

KODI NJA KU MTUNDU?

Mwana amatengera msinkhu, nkhope ndi khungu kwa atate ndi amai ace. M'thupi muli timalangizo tosaoneka ndi maso timene timanyamula cibadwa cimeneci. Madotolo amaticha majini, koma awa si majini a mizimu ai.

M'caka ca 1991 ophunzira a ku London anapeza jini lolakwika m'banja limene anthu ace anali kudwala kuiwala asanakalambe. Funso linali lakuti: kodi jini limeneli ndilo libweretsa nthenda? Kuyesa pa anthu nkosatheka. Tsono anatembenukira kwa mbewa, pakuti mbewa imabala patapita milungu itatu yokha, ndipo imakalamba pa zaka ziwiri. Zimene zikadatenga moyo wonse wa munthu zimaoneka pa miyezi yowerengeka.

MAYESO A M'MADZI

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti mbewa yaiwala? M'caka ca 1981 Richard Morris wa ku Scotland anapeza njira, poyamba ndi makoswe. Amadzaza beseni lalikuru ndi madzi oyeretsedwa ngati mkaka, nabisa kathabwa pansi pa madziwo pang'ono. Mbewa ikaikidwamo imasambira uku ndi uku kufikira itapeza popondapo. Pakapita masiku angapo mbewa ya moyo wabwino imalunjika pa kathabwa kaja osacedwa, cifukwa yasunga malo ace mu mtima.

M'caka ca 1996 Karen Hsiao wa ku Minnesota, m'dziko la America, anaonetsa mbewa zimene anaziika jini lolakwika la munthu. Ziri zazing'ono zinaphunzira bwino monga zinzace. Zitafika miyezi 9 kapena 10 zinayamba kulephera kupeza kathabwa, ndipo pambuyo pace m'ubongo mwao munapezeka timibulu tonga tija anaona Alzheimer. Apa panadziwika kuti cibadwa cingathe kuyambitsa nthendayi.

MBEU IMODZI, NTHAKA ZOSIYANA

Mlimi wa fodya adziwa kuti mbande zocokera pa nazale imodzi sizibala tsamba lofanana. Ina imagwera pa katondo, ina pa mcenga. Ndi mbewa zinateronso. M'caka ca 2019 ophunzira otsogozedwa ndi Catherine Kaczorowski, wa ku Jackson Laboratory ku America, anakwatitsa mbewa za majini olakwika ndi mbewa za mafuko oposa 20. Ana onse amene anatengera majiniwo anali ndi colakwika cimodzi modzi, koma mafuko ena anaiwala msanga, ena anacedwa, ndipo ena anakalamba cikumbukiro cao ciri colimba ndithu. Ndiye kuti m'thupi muli majini ena amene amachinjiriza ubongo, ndi ena amene amaufoketsa.

Pakati pa anthu ziri comweco. Mabanja amene nthendayi imayenda molunjika kucokera kwa kholo kumka kwa mwana ngowerengeka, safika mmodzi pa odwala 100 ali onse. Kwa ambiri cibadwa cimangoonjeza kapena kucepetsa ngozi. Jini lina lochedwa APOE4 limaonjeza ngozi kwambiri pakati pa Azungu, koma madotolo amene anapima nkhalamba za mtundu wa Ayoruba ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, anapeza kuti kumeneko mphamvu yace njocepa. M'caka ca 2001 iwo analengezanso kuti Ayoruba ogwidwa ndi nthendayi caka ndi caka sanafike theka la anthu akuda ogwidwa nayo mu mzinda wa Indianapolis ku America.

Komabe mbewa si munthu. Mankhwala ambiri amene anathandiza mbewa analephera pa anthu, ndipo mankhwala ociritsiratu nthenda ya Alzheimer sanapezeke.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba, nkhalamba yoiwala si mfiti. Gogo akapezeka m'mamawa ataima pa khomo la eni, kapena wosabvala, kapena akuyankha zosagwirizana, ndiye kuti ubongo wace ukudwala. M'caka ca 2016 nkhalamba zinai zinaphedwa ku Neno poziganizira ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mafumu ndi aphunzitsi ayenera kukumbutsa anthu za lamuloli.

Caciwiri, wodwala apite naye ku cipatala, monga cipatala ca Boma ca Kasungu. Kuiwala kwina kumadza ndi cindoko, kacirombo ka HIV, mowa kapena cisoni cacikuru, ndipo izi ziri ndi thandizo. Abale asacite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera ku una.

Cacitatu, munthu sangasinthe mbeu imene anabadwa nayo, koma nthaka angathe kuisamala. M'caka ca 2024 bungwe la madotolo losonkhanitsidwa ndi nyuzi ya Lancet linanena kuti pafupi fupi odwala 45 pa 100 ali onse akadapewa nthendayi kapena kuicedwetsa. Zina mwa zofunika ndi izi: kuleka kusuta fodya, kucepetsa mowa, kupimitsa kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga, kusamala makutu ndi maso, kupewa kubvulala m'mutu, kugwira nchito zolimbitsa thupi, kuceza ndi anthu, ndi kutumiza ana ku sukulu, cifukwa ubongo wophunzira umapirira nthawi yaitali.

Cacinai, wodwala asamkalipire. Akafunsa cinthu cimodzi kasanu, amuyankhe kasanu. Adye pa nthawi yace, asasiyidwe yekha pafupi ndi moto kapena citsime, ndipo anansi adziwitsidwe kuti akamuona akusokera amperekeze kwao. Akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene analera mudzi, mudziwo uwalere.

MAFUNSO A M'KALASI

1. Cifukwa ninji ophunzira amayesa nthendayi pa mbewa?
2. Kodi mbewa zonse za jini lolakwika zinaiwala pa nthawi imodzi?
3. Chulani zinthu zinai zimene zimachinjiriza ubongo.
4. Mudzi ucite ciani ukapeza nkhalamba yosokera?